Madeya m'Galimoto ya Kanunkhiza

Ana anga, nonse mukukakumbukira kachitsulo kamkuwa kamene kankapachikika pakhonde la agogo anu ku Mposa, kaja munkakatcha chisa cha njuchi, kaja Rozina anakwapulidwira atakatsitsa kuti azisewera nako zophikaphika. Mwandifunsa kangapo kuti kanali kachiyani, ine n'kumangoti ndidzakuuzani. Tsopano maso ayamba kuchita nkhungu, ndiye ndilembe ndisanayambe kusokoneza zaka. Kuti mumvetse, ndiyambire pomwe ndinayambira kugwira sipanala.

Ngokwe, 1949

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chaka cha njala. Kampani yogula thonje inali ndi malole ake, ndipo popeza thonje kunalibe, malolewo ankanyamula chimanga kupita nacho kumidzi. Ine anandilemba kuti ndizikwera kumbuyo, kutsitsa matumba ndi kupukusa chitsulo cholizira injini. Dalaivala wanga anali a Likaka, Mlomwe wamfupi wa kutsidya kwa Chilwa, munthu wamawu ochepa koma wa dzanja lofulumira, pa ntchito ndi pa khutu langa lomwe. Zonse zimene ndinadziwa pa moyo wanga wa umakaniki zinayambira kwa iwowo, ndipo ndikufuna muzikumbukire zimenezi mukamawerenga zam'munsimu.

Tsiku lina tili pakati pa Ntaja ndi Ngokwe, rediyeta, thanki ija yoziziritsa injini, inayamba kudontha. Madzi tinali nawo ochepa, mudzi uli kutali. A Likaka anamasula kathumba ka kamba wathu, natapa ufa wa mgaiwa dzanja limodzi, n'kuthira m'rediyetamo. Ndinatsala pang'ono kulira, pakuti chaka chimenecho anthu ankakumba mizu m'tchire.

"Usandiyang'ane choncho, Fabi," anatero. "Ufa ukapsa umamata pobooka. Lole ikafera pano, ku Ngokwe kufa anthu angati?"

Kudontha kunalekadi, chimanga chinafika. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti dalaivala wa thonje sayenda wopanda ufa, ndipo m'kampani monse umenewo ndiwo unali mankhwala a rediyeta.

Balaka, 1953

A Likaka atakwezedwa kukhala kapitawo wa galaja ya kampani ku Balaka, pafupi ndi siteshoni, ananditenga. Ndinasiya matumba n'kulowa pansi pa malole. Vuto lathu lalikulu linali zipangizo. Chitsulo chikathyoka, chatsopano chinkachokera kutsidya kwa nyanja, kudzera ku Beira, ndipo chinkafika mwini lole ataiwala kuti anaitanitsa. Choncho kuseri kwa galaja tinali ndi mulu wa malole akufa umene tinkautcha kumanda, ndipo m'mawa uliwonse wina ankapita kukafukula kumeneko.

Mkulu wa kampani anali mzungu wamtali, wosakwatira, amene tinamupatsa dzina loti Kanunkhiza. Alimi ena ankanyowetsa thonje kuti lilemere pasikelo, koma iye ankangoika mphuno pa thumba n'kunena kuti ili lathiridwa madzi, ndipo akang'amba ankapezadi lili lonyowa. Ndinene zoona, sanali womenya anthu. Koma mphuno yake ankaikhulupirira kuposa pakamwa pa munthu aliyense, ndipo akati wanunkhiza chinthu, mlandu unali utatha.

Chaka chomwecho ndinakwatira mayi anu, Asiyatu. Ine Mkatolika, iwo Msilamu wa ku Mposa, abale a mbali zonse anakana kwamtuwagalu. Amene anaima nane anali bambo awo, Che Ndembo. Iwo anati mnyamata wogwira ntchito ndi manja sangagoneke mwana wawo ndi njala, za kupemphera Mulungu adziwa yekha. Che Ndembo anabwera ku Balaka njala itawathamangitsa kwawo, ndipo anali mlonda wa usiku kunyumba ya Kanunkhiza. Masana ankaitana anthu ku swala pa kamzikiti ka kuseri kwa msika. Mkanjo wawo unkawala ngati sayenda pa fumbi lomweli la Balaka.

Inu a masiku ano mumadya mbale imodzi ndi apongozi anu, mpaka kuseka nawo mogundana mapewa. Ife sizinali choncho. Dzina lawo sindinkalitchula iwo akumva. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kunjuta mpaka adutse. Nkhani ikakhalapo, ndinkakhala kumphepete kwa bwalo nditayang'ana kumbali, n'kumalankhula kwa mayi anu, iwo n'kumapereka kwa bambo awo, ngakhale mkuluyo ankamva yekha mawu onse.

Patapita zaka ziwiri, Kanunkhiza anaitanitsa kagalimoto kuchokera kwawo. Kanatsika m'sitima Balaka yense akuonerera: kofiira, ka mipando iwiri, denga la tenti lopinda, kotsika ngati kakukwawa. Pa misewu yathu kankangodumphadumpha, ndiye tinakatcha Kachiwala. Kanali ndi shedi yakeyake yokhoma, kiyi wake ankasunga mlonda. Lamulo linali lakuti boneti amatsegula a Likaka okha, kuona madzi ndi oyilo, ndipo m'kati simulowa munthu wakuda ngakhale kuti apukute fumbi.

Balaka, Juni 1956

Linali Lachitatu m'mawa, kukuzizira. Belu litalira tinafola pamzere monga mwa masiku onse, ife a m'galaja, onyamula mabelo, ndi amayi osankha thonje. Kanunkhiza anatulukira atanyamula kakapeti ka m'Kachiwala ndi zala ziwiri, ataisunthira kutali mphuno yake, Che Ndembo akumutsatira pambuyo. Anakaponya pansi pamaso pathu. Kanali konyowa, ndipo fungo lake lowawasa linafika mpaka pomwe ndinaima. Kalaliki amene ankamasulira anali atapita kumisika, choncho mzungu anayang'ana pamzere n'kuona ine, amene ndinkadziwa kachingerezi ka ku mishoni.

"Fabiano, bwera kuno. Umuuze mkuluyu kuti ndadziwa. Usiku amalowa m'galimoto yanga kuthawa mphepo, amagonamo, ndipo amakodzamo. Aka si koyamba."

Ndinafika kutsogolo, koma lilime linakana. Mawu amenewo sindikanawanena ngakhale kwa mkulu wachilendo, nanji kwa apongozi anga, pamaso pa amayi. Ndinangoyang'ana zala za kumapazi. Mzungu anabwereza, mawu akukwera, ine chete. Kenaka anatembenukira kwa kapitawo. A Likaka anayang'ana pansi n'kunena zonse m'Chinyanja, mawu amodziamodzi, mosakometsera. Kumapeto kwa mzere wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Amayi anagwira pakamwa.

Che Ndembo sanakweze mawu. "Muwauze bwana kuti ine ndimasamba ndisanaime pamaso pa Mulungu. Galimoto yawoyo sindidziwa ngakhale potsegulira chitseko chake."

Kanunkhiza analoza mphuno yake, kenaka kapeti. Anati akupita ku Blantyre pa sitima ya mawa, abwerako Lolemba, ndipo akadzafika adzapeze mkuluyo atamanga katundu, nyumba ya kampani ili yopanda munthu. Kapeti anandikankhira ine ndi nsapato kuti ndikaichape.

Sindinaichape. Mtima unandiwawa kwambiri moti ndinangoiponya pa waya kuseri kwa galaja. Madzulo popita kukaitenga ndinapeza yauma, pamwamba pake pali zoyera zokakamira. Ndinakanda ndi chikhadabo, n'kufikisa pakati pa zala. Tinthu tokhakhala, tina tachikasu. Ndinaika palilime. Anali madeya.

Ndinawapeza a Likaka akusamba m'manja ndi palafini, anzathu onse ataweruka. Ndinawatambasulira chikhato.

"Akapitawo, munthu amakodza madeya?"

Anayang'anitsitsa. Kenaka anapita kukatseka chitseko.

"Madzi akhala akutsika m'Kachiwala kuyambira pamene mzungu anapita ku Zomba," anatero. "Pansi sipadontha. Ndinaopa kumuuza kuti sindikuona pobooka, ndiye ndinathira ufa pang'ono."

"Ndiye madzi a ku injini akulowa bwanji m'kati, pomwe amaika miyendo?"

"Ndikanadziwa bwenzi nditakonza. Tamvera, Fabi. Mzunguyu akamva kuti m'galimoto yake muli mgaiwa, wopita ndine. Mkulu ujayu wakalamba, ali ndi munda ku Mposa. Ine ndikalowera kuti ndi ana onse aja? Ndinakutola uli ndi kabudula mmodzi. Isiye nkhaniyi."

Zonse zimene ananena zinali zoona.

Pofika Lachisanu nkhani inali itafika kumsika. Ana a m'komboni anapeka kanyimbo, n'kumakaimba akaona mkanjo woyera patali. Masana a tsiku limenelo tinamva mawu achilendo akuitana swala. Che Ndembo sanatuluke m'nyumba. Palibe amene anawaletsa, koma anamva kuti anthu ena afunsa kwa shehe ngati munthu wotere angaime patsogolo pa anzake, ndipo iwo sanadikire yankho. Kwa munthu ngati iwo, kuchotsedwa ntchito kunali kochepa. Chimene chinkawapha n'chakuti dzina limenelo likanawatsatira mpaka ku Mposa, n'kukawaperekeza kumanda.

Mayi anu anandiikira chakudya osandiyang'ana.

"Bambo a Rozina, munali pomwepo. Munangoti chete?"

"Ndikananena chiyani?"

"Mukanati si zoona. Chingerezi munaphunzirira chiyani?" Anapukuta maso ndi nsalu. "Bambo akamapita kumudzi ine ndipita nawo. Sangayende okha ndi manyazi amenewa."

Loweruka m'mawa ndisanapite kuntchito tinapita kwa apongozi. Ndinanjuta kumphepete kwa bwalo, mayi anu anakhala pakati, mkuluyo ali pamkeka pakhomo. Anali ataonda m'masiku ochepa omwewo.

"Auzeni bambo kuti ndikupempha kiyi wa shedi."

"Akuti akupempha kiyi wa shedi."

"Uwafunse akamwini akufuna akaonemo chiyani."

"Auzeni kuti sindikudziwa. Koma chimene chinanyowetsa kapeti chinachokera ku injini, ndipo ndikufuna ndichipeze."

Kenaka anati, "Uwauze kuti mzungu akapeza galimoto yake ili yomasula, awa alowa ndende, ine ndiwonjezera mlandu wa kiyi, iwe utsala ndi mwana kumsana. Ine zanga zatha kale."

"Auzeni kuti sizinathe."

Mayi anu sanabwereze mawu amenewo. Kenaka ndinamva kiyi akugwa pa dothi pafupi ndi phazi langa.

Loweruka tinkaweruka masana. Anthu atabalalika ndinatenga zida zanga n'kudzitsekera m'shedi, n'kusiya kampata kolowera kuwala. Ndinatsegula boneti. Injini inali youma, rediyeta youma. Ndinayamba kulondola mapayipi onse a madzi ndi chala, mpaka ndinapeza tiwiri tating'ono talabala timene m'malole mulibe. Tinkachoka pa injini, n'kubowola chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, n'kulowa m'kati. Kuti ndione komwe tathera, panalibe njira ina koma kuchotsa thabwa lija la mawotchi, lonyezimira, limene Kanunkhiza ankalipukuta yekha ndi mpango wake.

Apa m'pamene ndinakhala pansi n'kuganiza zobwerera. Kufikira pamenepo ndikanatseka boneti, kubweza kiyi, palibe akanadziwa. Ndikamasula thabwalo ndiye kuti ndalowa m'madzi. Ndinaganiza za a Likaka ndi ana awo, ndinaganiza za ndende ya ku Zomba. Kenaka kunja kwa mpanda ana anadutsa akuimba kanyimbo kaja. Ndinavula malaya, ndinayala thumba pampando kuti ndisaudetse, n'kulowetsa mutu pansi pa chiwongolero, miyendo ili kunja.

Kagalimoto kameneko anakapanga anthu a manja a ana. Pomwe m'lole umalowetsa mkono wonse, umo munkalowa zala ziwiri. Kuseri kwa thabwa kunali mawaya ochuluka ofanana, ndipo ndinadziwa kuti ndikawasokoneza sindidzawabwezanso. Ndinathamangira kunyumba kukatenga ulusi wosokera wa mayi anu, n'kumamanga mtundu umodzi pa waya ndi pomwe wachoka. Bawuti ina inali itachita dzimbiri. Nditaikakamiza, thabwa linalira kuti tsee. Ndinalisisita paliponse kufuna mng'alu, koma mwa chisomo linali lisanasweke.

Kuseri kwake ndinapeza kabokosi kakuda kachitini, chapamwamba pa pomwe wokwera amaika mapazi. Pansi pake panali ponyowa. M'kati munali kafani, ndi kachitsulo kamkuwa ka timabowo ngati chisa cha njuchi. Pangodya pake panali pobiriwira, powola, phala la mgaiwa litatuluka n'kuuma ngati nkhoko. Ndinakapsompsona kachitsuloko, ndi dzimbiri lake lomwe.

Tsono apa mundiseke ngati mukufuna. Ine ndinaganiza kuti kameneka n'karediyeta kachiwiri. Ndinati galimoto yothamanga chonchi imatentha kwambiri, ndiye azungu anaikamo kena kothandizira kuziziritsa. Kodi munthu wobadwira ku Balaka, kumene phula limasungunuka lokha, akanaganiza china chiyani? Choncho ndinaopa kungolumikiza mapayipi aja n'kukasiya kunja, poti injini ingapse. Kanayenera kubwereramo kamoyo, mzungu asanafike. Ndinayesa kumata ndi mtovu, koma mkuwa unali utatha. Ndikatseka apa, pankatseguka apo. Dzuwa linalowa ndili ndi kachitsulo kobooka kuposa poyamba, Kachiwala kali m'zidutswa.

Lamulungu sindinapite ku Misa. Ndinapita kumanda kwa malole ndi sowo, n'kudula chigawo cha rediyeta imene inali ikadali yabwino, molingana ndi kachisa kaja. Ndinatenganso payipi yamkuwa ya mafuta. Zonsezi ndinapita nazo kwa Che Bwanali, wokhoma ndowa wa kumsika, amene ankapemphera mzikiti umodzi ndi apongozi. Anatembenuza kachisako uku ndi uku.

"Aka n'kachiyani?"

"N'kamene kanakodza m'galimoto ya mzungu."

Anandiyang'ana, kenaka anakankhira kumbali ndowa imene ankakhoma n'kuyatsa pulaimasi, chitofu chake cha palafini. Anapinda timathanki tiwiri tamkuwa, kumtunda ndi kumunsi, n'kulumikiza mapayipi. Titamaliza tinatseka payipi imodzi ndi chitsononkho, inayo tinaikapo pampu ya njinga, n'kumiza chonsecho m'diramu. Thovu linatuluka mbali zonse. Tinaumitsa, kumata, kumizanso. Linatulukabe. Dzuwa linapendeka tikuchita zomwezo, ine thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mphepo. Pomaliza Che Bwanali anapopa mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, madzi ali phee. Nditafuna kunena za malipiro anakweza dzanja.

"Iyayi. Kawauzeni Che Ndembo kuti amene akuitana swala panopa ali ndi mawu ngati khwangwala."

Kachisa katsopano kanali konenepa pang'ono kuposa kakale, moti kabokosi kanakana kutsekeka mpaka nditakakhoma m'mbali ndi kamtengo. Ndinatsuka injini ndi rediyeta kufikira madzi anasiya kutuluka oyera ngati otsukira mbale. Mdima unandipeza ndisanabweze thabwa la mawotchi, ndiye ndinasiyira m'mawa.

Lolemba ndinalawirira. Ndinabweza mawaya motsatira ulusi, kumanga thabwa, kuthira madzi. Kiyi woliza ankakhala pa msomali m'shedi momwemo, poti palibe akanayerekeza kumukhudza. Injini inalira kamodzi. Ndinagona pansi n'kumasuzumira pa kabokosi kaja, injini ikutentha, ndipo sipanagwe dontho ngakhale limodzi. Ndinayamba kuyesa mabatani onse kuti ndione ngati mawaya ali m'malo: nyali zinayaka, hutala inalira. Kenaka ndinapotoza kabatani ka kumapeto. Kafani kanayamba kuzungulira, ndipo mpweya wotentha ngati wa m'ng'anjo unandiwomba m'miyendo.

Chinthu choziziritsa chikutulutsa moto! Ndinathamangira ku galaja kukaitana a Likaka, poti ngakhale tinali titasemphana, panalibe wina woti ndimufunse. Anabwera, anaona thabwa, anaona zida zanga, n'kuika dzanja pansi pa kabokosi. Analichotsa msanga.

"Wasemphanitsa mapayipi. Moto wa injini ukulowa m'kati. Mwana iwe, waipha galimoto ya mzungu."

Nthawi yomweyo sitima inalira kusiteshoni. Kumasulanso sikukanatheka. A Likaka anatuluka n'kukaima patali. Ine ndinakhala pa chitini cha oyilo, kachisa kakale ndi kapeti zili pamiyendo, n'kumadikira. Sindinadikirepo chinthu ndi mantha otero, ngakhale tsiku lomwe anandichita opaleshoni.

Kanunkhiza anafika wapansi, wonyamula sutikesi ali pambuyo. Ataona shedi yotsegula ndi injini ikulira, nkhope yake inafiira mpaka m'makutu.

"Wakuloleza ndani?"

"Palibe, bwana."

"Ukudziwa kuti ndikhoza kuitana apolisi pompano?"

"Ndikudziwa, bwana. Koma muyambe mwaona ichi."

Ndinakweza kachisa kakale n'kuthiramo madzi a m'botolo. Anatuluka pangodya paja n'kudonthera pa nsapato zake. Ndinamuonetsa pomwe kanali, pamwamba penipeni pa malo a kapeti. Anakalanda, n'kukaika pamphuno, kenaka ananunkhizanso kapeti.

"Ndaikamo kena, bwana, kodula ku lole. Sikakudontha. Koma ndalakwitsa penapake. M'malo moziziritsa kakutulutsa moto."

Analowa m'galimoto n'kuika dzanja pansi pa kabokosi. Anakhala choncho, ine ndikuona ndende ndi maso. Kenaka mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka anagwira chiwongolero. Anati chinthucho amachitcha hita, ndipo ntchito yake ndi imeneyo, kutenthetsa miyendo, chifukwa kwawo kumazizira mpaka madzi kuundana. Iye anali atatsegula kampopi kake pokwera phiri la Zomba mphepo itayamba, n'kuiwala. Anandionetsa kampopiko pambali pa injini. Ndikanangokatseka, kudontha kukanatha, injini osamva kanthu. Ndinaima ngati chitsiru. Mbaula m'galimoto, ku Balaka!

Kuseka kunatha msanga. Anakanda choyera chija pa kachisa n'kufikisa pa zala.

"Uwu ndi ufa. Wathira ndani?"

"Bwana, m'malole timathira tonse."

"Sindikufunsa za malole. Boneti iyi amatsegula munthu mmodzi."

Sindinatchule dzina, koma panalibenso chobisa. A Likaka anali ataima pakhomo la shedi, chipewa chili m'manja. Mzungu anawayang'ana pang'ono n'kubwerera kwa ine.

"Kamuuze mkulu uja kuti akhoza kukhala."

Apa ndikanathokoza n'kutuluka. Koma ndinaima pomwepo.

"Bwana, zija zinanenedwa pamzere."

"Ndiye?"

"Izinso zinenedwe pamzere."

Anandiyang'ana ngati wandiona koyamba. "Ine sindipepesa kwa mlonda. Ngati ukufuna, kanene wekha mawa, ine ndidzaima pakhonde. Ndipo poti wagwira galimoto yanga popanda chilolezo, mwezi ukatha ukupita ku Ngokwe, ukakonze malole kumeneko."

M'mawa mwake belu litalira ndinakwera pa belo la thonje. Kanunkhiza anaimadi pakhonde la ofesi, kaliwo ali pakamwa, akuyang'ana kunjanji. Apongozi anali kumapeto kwa mzere, mkanjo uli mbuu. Zimene ndinalephera kunena Lachitatu lija zinandidikira pomwepo, ndipo tsopano panalibe wondinenera. Ndinakweza kachisa m'mwamba.

"Tamverani nonse. Che Ndembo sanakodze m'galimoto ya bwana. Chinakodza ndi ichi."

Kanali koyamba ndi komaliza kutchula dzina lawo iwo akumva. Ndinathira madzi, n'kudontha anthu onse akuona. Panalibe woseka. Mayi wina wosankha thonje analuluta kamodzi n'kudzigwira pakamwa. Apongozi anayenda pang'onopang'ono mpaka pa belo. Ndinatsika msanga n'kunjuta. Anapereka kwa kalaliki wezulo ndi kiyi wa shedi amene ndinali nditawabwezera, n'kunena kuti auze bwana kuti zikomo, koma ntchito yaulonda yawakwana. Kenaka anatambasula dzanja kwa ine, osadzera mwa munthu wina.

"Akamwini, ndipatseni chimenecho."

Ngokwe ndi Mposa, zaka zotsatira

Lachisanu la sabata imeneyo anapita nacho kumzikiti. Che Bwanali anandiuza kuti anthu atasonkhana, mkuluyo anatenga birika lake, ketulo yosambira asanapemphere, n'kuthira madzi m'kachisamo pamaso pa shehe. Atatha anakwera pa chitunda pomwe ankaima masiku onse n'kuitana swala. Tinawamva mpaka ku galaja. Mwezi utatha anabwerera ku Mposa masana, pa lole ya kampani, atakhala kutsogolo.

A Likaka anawatsitsa ukapitawo n'kuwabwezera pa lole. Sanachotsedwe, koma kuyambira pamenepo tikakumana ankangoti moni n'kupitirira. Ndinakhala ku Ngokwe nyengo zingapo za thonje, ndipo lole yawo ikabwera kudzanyamula mabelo ankadyera m'galimoto, ine ndili pansi pa mtengo. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Munthu amene anandiphunzitsa kugwira sipanala anamwalira tisanadyerenso limodzi, ndipo sindinapeze njira imene ikanapulumutsa onse awiri.

Agogo anu anakapachika kachisako pakhonde, pomwe mlendo aliyense akanakaona. Nkhani zoipa zimayenda ndi sitima, ndipo nthawi zina munthu wochokera ku Balaka ankafika ku Mposa ali ndi theka loyamba lokha la nkhani ija. Akayamba kuyankhula mozungulira, agogo anu sankatsutsana naye. Ankangoitana mwana kuti abweretse birika.

Atadwala matenda awo omaliza anaitanitsa mayi anu, n'kuwauza kuti munda ndi wa alongo awo, mkanjo ndi wa kumzikiti, koma chapakhondecho apatse akamwini. Chili m'sutikesi yanga yachitsulo, pansi pa bulangeti. Ndikadzapita, ogula zitsulo zakale adzabwera ndi sikelo yawo, adzakuuzani kuti ndi mkuwa wabwino. Musadzawapatse. Chaka chatha ndinakatulutsa n'kuthiramo madzi. Kakudonthabe.